Tsiku limene mnzathu anatuluka pa gulupu ya kalasi

Linali Lachiwiri madzulo, chaka cha 2023, ndikutsuka mbale, pamene foni inalira. Pa gulupu ya kalasi yathu panabwera kamzere kakang'ono kaja kosonyeza kuti munthu watuluka. Amene anakaona ndine ndekha. Kuyambira chakumapeto kwa 2022, munthu akatuluka pa gulupu ya WhatsApp amadziwa ndi ma adimini okha, ndipo adimini ndinali ine, poti ndinali class rep, woimira kalasi yathu kwa aphunzitsi. Anzathu onse anapitiriza mkangano wawo wa Silver ndi Bullets osadziwa kanthu.

Wotulukayo anali mtsikana wofatsa wochokera ku Ntchisi, amene ankakonda kukhala mzere wachiwiri cha kuwindo. Mayeso a pakati pa semesita anali atayandikira. Aliyense amene wadutsa pa yunivesite zaka zino akudziwa kuti nthawi ngati imeneyo munthu satuluka pa gulupu. Ukhoza kuiika pa mute, ukhoza kutha chaka chonse osalembapo ngakhale "zikomo", koma kutuluka ayi.

Ndinkayesa wadina molakwitsa. Ndinamutumizira link yoti abwerere. Anaiona, koma sanalowe.

Lachinayi cha m'ma 9 koloko usiku aphunzitsi ena ananditumizira uthenga: mayeso aja tinkayenera kulemba Lolemba tilemba mawa masana, chifukwa sabata yamawa iwo akuchokapo. "Uwauze anzako." Ndinaponya pa gulupu, anthu anadandaula, kenako n'kutsegula makope. Mtsikana uja ndinamuimbira usiku womwewo, ndinamuimbiranso m'mawa. Foni inali yothima. Lachisanu tinalibe kalasi ina yoti n'kumubweretsa pasukulu, ndipo masana mapepala akugawidwa mpando wake unali wopanda munthu.

## Kalasi yonse inkadutsa m'foni mwanga

Ife tinalowa yunivesite mliri wa Covid-19 utasokoneza kale kalendala. Masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020, mayunivesite anathamangira ku intaneti, ndipo pomwe zitseko zinkatsegulidwanso chizolowezi chija chinali chitakhazikika. Sukulu yathu inali ndi portal yake ya Moodle, tsamba la pa intaneti loyendetserapo maphunziro. Malinga ndi malamulo, manotsi, ma asayimenti, zidziwitso ndi malikisi, zonse zinkayenera kudutsa kumeneko.

Koma portal imafuna bandulo yeniyeni ya intaneti. Airtel ndi TNM onse amagulitsa timabandulo ta WhatsApp ndi Facebook totsika mtengo poyerekeza ndi bandulo yotsegula chilichonse. Wophunzira amene m'thumba mwake mwatsala yoti asankhe pakati pa chipisi cha pachiwaya ndi data amagula ka WhatsApp ka sabata, basi. Ndi kabandulo kameneko portal siitseguka. Google ayi, YouTube ayi, ngakhale imelo ya sukulu ayi. Chimene chimamufika ndi chokhacho chimene munthu wina wachiponya pa gulupu.

Munthu winayo ndi class rep. Ndinkalawirira kukakhala pakhonde la laibulale, pamene Wi-Fi ya sukulu inkagwira bwino anthu asanachuluke. Ndinkadawuniloda zimene aphunzitsi aika, kusandutsa ma PowerPoint kuti akhale PDF poti timafoni tina sitinkawatsegula, kuchepetsa kulemera kwa mafayilo, n'kuponya. Aphunzitsi akalola, ndinkajambula mawu awo m'kalasi n'kutumiza ngati voice note. Tsiku lopereka asayimenti likafika, amene analibe data ankanditumizira ntchito yawo pa WhatsApp limodzi ndi pasiwedi kuti ndikawalowetsere pa portal. Kumapeto kwa kope langa lina kunali mzere wautali wa mapasiwedi a anthu.

Chaka cha 2022 chinatiwonjezera katundu. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankatha kuthima usana wonse. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mitengo ya mafoni ndi ma pawa banki n'kukwera. Laputopu ikatha moto ndiye yatha, pamene foni umakachajitsa pa baba shopu kapena kwa wa sola. Zonsezi zinkakankhira maphunziro athu m'foni, ndipo m'foni momwemo, m'WhatsApp.

Palibe ankandilipira, bandulo inali ya m'thumba mwanga. Koma ndinkaona ndi maso anga anthu amene akanalemba sapu, mayeso obwereza a olephera, ena akanachotsedwa sukulu kumene, akupulumuka chifukwa cha gulupu ija. Mnzathu wina bambo ake atamwalira ku Dedza, chipepeso tinasonkha pa gulupu yomweyo usiku umodzi, ndipo atabwerako anapeza manotsi onse akumudikira. Mbali imeneyi ndimaiikira kumbuyo mpaka lero.

## Ku Area 36

Loweruka ndinakwera minibasi pa depoti n'kukatsika ku Area 36. Ankachita lendi kachipinda kamodzi ndi mesho wake, kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba, mbaula ili pambali. Atandiona anaimirira n'kukanditengera mpando.

"Sisi, mwabwera za mayeso?"

"Mayesowo wamva?"

"Ndamva dzulo usiku. Mesho ndi amene anakumana ndi anzathu ena m'tawuni."

Ndinamufunsa ngati foni yabedwa. Sanayankhe. Analowa m'chipinda n'kutuluka nayo akuiyatsa, anadikira kuti netiweki igwire, n'kundipatsa osanena kanthu.

Uthenga woyamba unali wa mwezi wapitawo. Moni wabwinobwino, ndi mawu akuti nambala yako ndaipeza pa gulupu ya kalasi. Iye sanayankhe. Mauthenga otsatira ankatchula zimene wavala tsiku limenelo: mtundu wa bulauzi, nsapato, mpando umene anakhalapo. Kenako kunabwera zithunzi zimene sindingazifotokoze pano, zotumizidwa 1 koloko usiku. Anamubuloka. Patangopita masiku ochepa, nambala ina inayambira pamene inzake inalekezera. Anachotsa chithunzi chake pa profile n'kuikapo vesi ya m'Baibulo, koma sizinathandize. Uthenga womaliza, wa Lachiwiri lija, unkati ndakuona ukutsika minibasi, n'kutchula siteji yomweyo imene ine ndinali nditangotsikapo.

"Ndikathimitsa foni ndimagona," anatero. "Ndikayatsa kuti ndione manotsi, uthenga wake ndi umene umayamba kulowa."

Ndinatulutsa foni yanga n'kufufuza nambala yoyamba ija pa gulupu. Inalipo. Yopanda dzina, yopanda chithunzi, yosalembapo kanthu chiyambire. Ndinatsika ndi mndandanda wonse mpaka pansi, ndipo nambala zotero zinali zambiri ndithu. Link ya gulupu yathu inali itayenda: kwa obwereza kosi, kwa a pulogalamu ina amene tinkagawana nawo phunziro limodzi, kwa mnyamata wa fotokope, kwa aja amalembera anthu ma asayimenti pa ndalama. Kale gulupu inkadzaza ikafika anthu 256, ndiye adimini ankakakamizika kuchotsa achilendo kuti eni ake alowe. Mu 2022 WhatsApp inakweza malirewo mpaka 1,024, ndipo kuchotsana kunathera pomwepo. Anthu pa gulupu yathu anali ochuluka kuposa maina a m'kaundula wa kalasi.

Ndinamuuza zimene ndinkadziwa. Kuti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuvutitsa ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti. Kuti kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye apolisi angathe kumupeza. Kuti ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo ndingathe kumuperekeza Lolemba lomwelo.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'lichero.

"Fizi amandilipirira ndi amalume. Akangomva kuti dzina langa lili ku polisi pa nkhani ya mwamuna, sadzafunsa kuti wolakwa ndani. Adzati ku Lilongwe ndinabwerera zimenezo. Komanso sisi, akagwidwa n'kupezeka kuti ndi wa m'kalasi mwathu, anzake ndizidzakhala nawo bwanji pa group work?"

Mesho wake, amene nthawi yonseyi ankachapa chapatali pang'ono, analowerera. Anati kwa iye zoterezi zinasiya kale kukhala nkhani. Ali ndi ma SIM awiri. Nambala ya kunyumba ndi kutchalitchi ili pa WhatsApp wamba, ya magulupu a sukulu anaiika pa WhatsApp Business, yopanda chithunzi, ndipo kukada saitsegula. Anati atsikana ambiri a m'kalasi mwake amachita chimodzimodzi, ndipo anadabwa kuti ine, class rep wamkazi, ndikuyendabe ndi nambala imodzi. Mauthenga a usiku inenso ndinkalandira, koma anga sankatchula siteji yotsikira.

Kenako mnzanga uja ananena mawu amene sanandichoke m'mutu mpaka lero. Sanakweze mawu, ndipo sankaloza munthu chala.

"Ine anthu amenewa sindinawapatse nambala yanga. Ndinalemba pa pepala lija linkayenda tsiku loyamba, chifukwa anatiuza kuti wosalemba sazimva za kalasi."

Pepala limenelo limayenda pakati pa ma yearo, ophunzira a chaka choyamba, chaka ndi chaka, ndipo palibe amalikayikira. Koma zimene limachita ndi izi: mtsikana wa zaka 19 amene wangofika kumene mu mzinda, kuti adziwe tsiku la mayeso, ayenera kupereka nambala yake kwa anthu onse a m'kalasi, ndi kwa aliyense amene link yamufika. Nambala yomweyo ndi imene amayi ake amaimbira kuchokera kumudzi, ndi imene amalandirira ndalama ya lendi pa Airtel Money kapena Mpamba. Kuisintha si nkhani ya tsiku limodzi.

Tinadya nsima ya nyemba zomwe zija, ndipo anandiperekeza mpaka pa msewu. Pa siteji sanafikepo. Anaimira patali n'kubwerera.

## "Ndinauza class rep"

Lolemba tinapita awiri ku ofesi ya aphunzitsi aja. Mnzanga anati ndilankhule ndine, koma za zithunzi ndisatchule.

"Koma ndinauza class rep," anatero aphunzitsiwo, akuyang'ana ine.

"Munandiuzadi bwana, ndipo ndinaponya pa gulupu. Uyu pa gulupupo anali atachokapo. Pali munthu akumuvutitsa."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati alembe kalata, amukonzera mayeso ena. Anachitadi, ndipo ndimawathokoza. Ndili pomwepo ndinafunsa chifukwa chake kusintha kwa tsiku la mayeso sikunaikidwe pa portal kapena pa bolodi.

"Mwana wanga, ndikaika pa portal amaona ndi angati? Ndikauza iwe, pakutha pa mphindi khumi kalasi yonse yadziwa."

Ankanena zoona. Iwonso usiku umenewo anatumiza ndi bandulo yawo, ali kunyumba kwawo. Koma ndikutuluka mu ofesi muja ndinakumbukira kuti aphunzitsi amenewa sanali pa gulupu yathu. Anakana kulowa kuyambira pachiyambi, ati ophunzira amaimba pakati pa usiku. Nambala yawo tinali nayo ma class rep okha, ndipo anatilangiza kuti tisapatse munthu. Iwo anabisa nambala yawo ntchito n'kumayendabe. Mnzanga atayesa kubisa yake, mayeso anamudutsa.

## Zimene timachonga pa fomu, ndi zimene timanena pachiwaya

Semesita iliyonse pa gulupu pankabwera ma link a Google Forms ochokera kwa a chaka chomaliza amene akuchita kafukufuku. Funso lake silinkasintha kwenikweni: ndi njira iti imene mumaikonda pophunzira pa intaneti? Moodle, Google Classroom, Zoom, WhatsApp. Chongani imodzi. Ambiri tinkachonga WhatsApp, ndipo wowerenga zotsatirazo amangoti ophunzira ndi okhutira. Fomu imeneyo ilibe malo olembapo kuti ndachonga iyi chifukwa ndi yokhayo ndingakwanitse. Ndiponso kuti fomuyo itseguke pamafunika bandulo yeniyeni, ndiye a kabandulo ka WhatsApp aja, amene nkhaniyi imawakhudza koposa, mawu awo safika n'komwe.

Nditabwera ku Area 36 ndinayamba kufunsa anzanga pakamwa, pachiwaya ndi pa siteji podikira minibasi.

Mnyamata wina wa ku Area 47, wa laputopu ndi Wi-Fi kunyumba, gulupu inkamutopetsa. Ankati kuti upeze PDF ya sabata yatha uyenera kudutsa ma "mwadzuka bwanji", mavesi, ndi malonda a nsapato za kaunjika. Portal ankaikonda poti zinthu zimakhala m'ndondomeko, sabata ndi sabata, ndipo sizisowa. Statistics anaimvetsera pa YouTube, chifukwa mphunzitsi wa pa vidiyo umamuimitsa n'kumubweza kangapo konse osakwiya. Nditamufotokozera za atsikana, osatchula dzina, anati, "Bwanji osangomubuloka?" Sanafunse mwachipongwe. Sizinamuchitikirepo, basi.

Amayi ena achikulire, aphunzitsi a pulayimale amene anabwera kudzawonjezera maphunziro, ankadalira ma voice note. Ankamvera mu minibasi pochokera ku Area 25, ankamveranso akuphika. Koma foni sankaikhulupirira. Ina anawabera pa depoti, manotsi a semesita yonse n'kupita nayo, ndipo yatsopanoyo inkadzaza msanga moti ankachita kufufuta zithunzi za ana kuti PDF ilowe. Kuyambira pamenepo chilichonse chofunika ankachikopera m'kope ndi dzanja. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanangu," ankatero, "wa pachala ngwa mphepo." Amayi omwewa anatsala pang'ono kutumiza ndalama kwa munthu amene anawalembera ku inbox akunamizira kuti ndi aphunzitsi athu, ati yogulira mafunso akale. Nambala yawo anaitenga pa gulupu pomwepo.

Zoom sindinapeze woikonda kupatula mmodzi. Ola limodzi limadya ma MB mazana angapo, netiweki ikagwedezeka mawu amaduka pa mfundo yofunika, ndipo akaunti yaulere imatseka msonkhano pakatha mphindi 40, mukamalowanso ena n'kusowa. Aphunzitsi akati yatsani makamera, anthu ankanamizira data, koma ena anandiuza chifukwa china: kamera imaonetsa kumene umagona. Woikonda mmodzi uja anali mnyamata wachibwibwi. Anati pa Zoom ndi pamene anafunsa funso koyamba chiyambire yunivesite, pochita kulemba m'kabokosi ka chat.

Facebook onse ankati si kophunzirirako. Ndi kofufuzirako ma scholarship ndi nyumba za lendi, ndipo palibe ankafuna kuti aphunzitsi ake azimuona kumeneko.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti pafupifupi onse amene ndinawafunsa sankafunsa mafunso a maphunziro pa gulupu yayikulu. Ankaopa screenshot. Funso lopepera ukalifunsa m'kalasi anthu amaseka n'kuiwala, koma ukalilemba pa gulupu limatha kukapezeka pa gulupu ina, dzina lako lili pamwamba. Pa forum ya portal napo anthu ankalembapo pokhapokha pakhale malikisi, poti ankaona ngati aphunzitsi akuwayeza nzeru. Kuphunzira kwenikweni kunkachitika m'timagulupu tating'ono ta anthu anayi kapena asanu odziwana, kumene munthu amajambula tsamba la kope lake n'kunena kuti apa ndasokonekera, wina n'kuyankha ndi voice note ya Chichewa, chitsanzo chake cha matumba a chimanga kapena mtengo wa feteleza. Ineyo maphunziro onse ovuta ndinawakhozera m'kagulupu kotero. Gulupu yayikulu ntchito yake inali zidziwitso ndi mafayilo. Imeneyo ndi ntchito ya sukulu, koma inkagwiridwa ndi wophunzira, pa foni yake, pamalo pamene nambala ya aliyense ili poyera.

## Kenako kunabwera wina woyankha usiku

ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, inatuluka mu Novembala 2022, koma kwa ife inali ya a malaputopu. Zinthu zinasintha mu Epulo 2024, pulogalamu inzake ya Meta AI italowa m'WhatsApp momwemo, Malawi ali m'gulu la maiko oyambirira kuilandira. Ine apo ndinali ndikumaliza. Ang'ono athu amene ali pasukulu pano amaikamba mosiyana. Ena amati ndi yokhayo imene ungaifunse chinthu chimodzi kasanu osakuseka, osakujambula. Ena anapsa nayo: imatha kupeka mabuku ndi maina a olemba amene kulibe, ndipo ukaifunsa za ulimi wa fodya ku Kasungu imakuyankha za minda ya maiko ena.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chakuti zidziwitso, manotsi, anzako ophunzira nawo, ndipo tsopano ngakhale wokuthandiza kumvetsa zimene wawerenga, zonse zili mu app imodzi ya kampani imodzi ya ku America. Munthu akachokamo, kaya foni yabedwa, kaya akuthawa wina, amataya zonsezo nthawi imodzi.

## Zimene tinakonza, ndi zimene si zathu kukonza

Sabata imene tinakaonana ndi aphunzitsi aja ndinasintha link ya gulupu, ndinayatsa kabatani koti wolowa aliyense azidikira chilolezo cha adimini, ndipo ine ndi anzanga ena tinakhala pansi ndi kaundula wa kalasi n'kuchotsa nambala iliyonse yopanda mwini wodziwika. Ena anakwiya, makamaka obwereza kosi, ndipo tinawabweza mmodzimmodzi atadzionetsa. Chidziwitso chilichonse cha mayeso ndinayamba kuchilembanso pa pepala n'kukamata pa bolodi. Tinayesa Telegram, poti kumeneko nambala imabisika, koma anthu sanasamuke. Mafoni ambiri analibe malo a app ina, ndipo kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zogula foni yatsopano zinachoka m'maganizo. Ma Channel a WhatsApp, amene otsatira saonerana nambala, anabwera chakumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo pa zidziwitso zokha akhoza kuthandiza.

Mnzanga uja sanabwerere pa gulupu yayikulu. Anagula SIM ina, mafayilo ndinkamutumizira payekha, ndipo anamaliza nafe limodzi. Mwini wa nambala zija sitinamudziwe.

Zotsalazo si za class rep. Tsiku la mayeso ndi nkhani ya ofesi, ndipo likasintha liyenera kulengezedwa ndi ofesi, kudzera njira imene siikakamiza wophunzira kuonetsa nambala yake kwa gulu. SMS imafika pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, popanda data. Moodle ili ndi app imene munthu amadawuniloda zinthu ali pa Wi-Fi n'kukawerengera kunyumba popanda intaneti, koma ife palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa kuigwiritsa ntchito. Mafayilo akhoza kupepuka kuyambira kwa aphunzitsi komweko, osadikira kuti class rep achite kuwachepetsa pakhonde la laibulale. Mayunivesite ali ndi bungwe lawo la MAREN lowathandiza kupeza intaneti, ndipo UbuntuNet Alliance, imene imalumikiza mabungwe otere kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno. Koma Wi-Fi ya sukulu imathera pa mpanda, pamene ophunzira ambiri amagona ku Area 36, ku Kawale, ku Chinsapo. Ndikanakonda mayunivesite atakhala pansi ndi makampani a mafoni kuti portal izitseguka osadya bandulo. Likadzafika tsiku limenelo adzatifunsenso kuti timakonda chiyani, ayerekeze ndi zimene tinkachonga kale.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana. Ngati sukulu ikudalira gulupu ya WhatsApp kuti ilengeze mayeso, ndiye kuti gulupuyo ndi mbali ya sukulu, ndipo wovutitsidwa kumeneko ayenera kuuzidwa tsiku loyamba kuti agogode pa chitseko chiti, ndi kutsimikiziridwa kuti nkhani yake siikafika kwa amalume ake iye asanafune.

Mng'ono wanga wayamba yunivesite chaka chino. Tsiku lake loyamba anandiimbira masana, ati pepala la manambala likuyenda, alembe kapena ayi. Ndinamuuza kuti awauze kuti alemba mawa. Madzulo ake ndinamutumizira ndalama ya SIM yachiwiri, ndipo kabandulo ka nambala imeneyo ndimalipira ndine sabata ndi sabata.